Wailesi Yakale Isapite Kudzala

M'nyumba zambiri za ku Mandimba, ku Ngauma ndi ku Cuamba muli wailesi imene inaleka kulankhula. Ina ili pansi pa bedi. Ina ili pamwamba pa cipupa, yada ndi mwaye, ndipo mphemvu zinamangamo mudzi. Ana anacotsamo kale mawaya napangira galimoto zoseweretsa. Tsiku lina mai wa panyumbapo adzatopa nayo posesa, nadzaitaya kudzala.

Tisanaitaye, tiyeni timve kumene inacokera. Ena timaicha wailesi, ena timati radiyo monga anenera Apwitikizi, koma cinthu cake n'cimodzi. Mbiri yake m'dziko la Moçambique inayamba ndi anthu owerengeka amene anasonkha ndalama za m'matumba mwao. Ngati mbiri imeneyi iti isungike kuno kwathu, padzafunikanso kusonkha.

Mau oyenda popanda waya

Ponyani mwala padziwe. Muona timafunde tikucokera pamene mwala wagwera, tikumka m'mbali zonse kufikira kugombe. Mau a wailesi amayenda motero. Makina oulutsira amaponya mafunde m'mlengalenga. Mafundewo saoneka ndi maso ndipo samveka ndi khutu. Wailesi ya m'nyumba mwanu ndiyo imawagwira niwasandutsa mau.

M'caka ca 1901 munthu wina wa ku Italy, dzina lake Guglielmo Marconi, anaponya cizindikiro kucokera ku England, ndipo cinamveka kutsidya kwa nyanja yaikulu ya Atlantic, ku Newfoundland. Sanali mau a munthu ai. Kunali kugogoda katatu cabe, kuimira lemba la S. Koma dziko lonse linazizwa.

Pambuyo pake kunabuka anthu ambiri okonda nchito imeneyi. Sanali olembedwa nchito ndi boma kapena kampani. Masana wina anali kalaliki, wina mphunzitsi, wina makanika. Madzulo anali kukhala m'kacipinda ndi mawaya, mabatire ndi timagalasi tonga mababu, kudzipangira okha makina olankhulirana ndi anzao akutali. Pa Cipwitikizi munthu wotere amachedwa radioamador, ndiko kunena wocita za wailesi cifukwa ca kuzikonda, wosayembekeza malipiro.

Maboma ndi makampani anatenga mafunde aatali, poganiza kuti ndiwo okha ofika patali. Anthu okonda wailesi aja anawasiyira mafunde aafupi, amene akuluakulu anawayesa acabe. Anali ngati munthu amene wapatsidwa munda wa miyala. Koma m'munda wa miyalamo ndimo munatuluka dzinthu. M'caka ca 1923 Léon Deloy wa ku France ndi Fred Schnell wa ku America anatumizirana mauthenga pa mafunde aafupi, wina kutsidya lino la nyanja, wina kutsidya ilo, ndi makina aang'ono. Zinadziwika tsono kuti mafunde aafupi amakwera kumwamba, nagunda mpweya wa kutali m'mlengalenga, nabwerera pansi kudziko lina, monga mpira wogunda cipupa.

Yang'anani pa wailesi yakale ija. Ngati pali malemba awa, SW kapena OC, ndiwo mafunde aafupi. Sungani mfundo imeneyi, pakuti ndiyo inacititsa kuti munthu wokhala ku Massangulo amve mau a ku Lusaka ndi ku Dar es Salaam.

Anasonkha ku Lourenço Marques

Mzinda wa Maputo kale unali kuchedwa Lourenço Marques. M'caka ca 1932 Apwitikizi ena okonda wailesi a mumzindamo anapanga bungwe lochedwa Grémio dos Radiófilos da Colónia de Moçambique. Ena mwa iwo anali Aniano Serra, Augusto Gonçalves ndi Firmino Sarmento. Boma silinawamangire nyumba. Mamembala anali kupereka ndalama mwezi ndi mwezi, ndipo makina oyamba oulutsira anali aang'ono, olumikizidwa ndi manja a anthu a m'bungwemo. Pa 18 Marichi 1933 anaulutsa mau kwa nthawi yoyamba. Dzina la siteshoni yao pamlengalenga linali CR7AA. Masiku amenewo aliyense woponya mau kucokera ku Moçambique dzina lake linali kuyamba ndi CR7. Lero limayamba ndi C9.

M'caka ca 1937 bungwelo linasintha dzina nilikhala Rádio Clube de Moçambique. Linakula msanga, ndipo tiyenera kufunsa kuti ndalama zinacokera kuti. Njira yoyamba inali zopereka za mamembala. Njira ina inali rifa: anthu anali kugula matikiti, mwini tikiti yamwayi nalandira mphoto, ndalama zotsala nizilowa m'thumba la bungwe. Koma njira imene inalemeretsa bungwelo inali malonda. Wailesi ya boma la South Africa sinali kulola kulengeza malonda kufikira caka ca 1950. Tsono a ku Lourenço Marques anayamba kuulutsa nyimbo ndi malonda m'Cingelezi ndi m'Cibunu, kulozetsa ku Johannesburg, ndipo makampani a kumeneko anali kulipira. Pofika 1951 bungwe limene linayamba m'kacipinda linali ndi nyumba yaikulu yosanja pakati pa mzinda.

Nanga makolo athu anapindulapo ciani? Pa zaka 25 zoyamba wailesi imeneyi inalibe nthawi yoikika ya cinenero ca munthu wakuda. Inali kulankhula ndi atsamunda ndi azungu a ku South Africa. Kuno ku Niassa, kutali makilomita oposa 1,000, ulamuliro wa Companhia do Niassa unali utangotha mu 1929. Ambuye athu anali pa msonkho, pa cibalo, ndipo posacedwa pa thonje lokakamiza. Wailesi akanaigula ndi ciani? Ndipo akanaigula, akanamvapo ciani? Ine ndimayamika luso la anthu aja ndi mtima wao wosonkherana. Koma m'nyumba imene anamanga, ife munalibe mpando wathu.

Wailesi ya poto

Cinyanja cinayamba kumveka bwino pa wailesi kucokera kumadzulo, ku Lusaka, m'dziko limene linali kuchedwa Northern Rhodesia, lero Zambia. Siteshoni ya kumeneko inayamba mu 1941, pa nthawi ya nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, kuti mabanja amve za ana ao amene anapita ku usilikali. Nkhondo itatha inakula nikhala Central African Broadcasting Station, youlutsira anthu akuda a ku Rhodesia ziwiri ndi Nyasaland. Cinyanja cinali cimodzi mwa zinenero zake.

Bvuto linali lakuti omvera analibe mawailesi. Mkulu wa zofalitsa nkhani, Harry Franklin, anayendayenda kufuna kampani yoti ipange wailesi yochipa, yosafuna magetsi, yolimba pa fumbi ndi pa kutentha. Kampani ya mabatire ya Ever Ready ku Britain inabvomera. M'caka ca 1949 inatulutsa wailesi imene thupi lake linali poto wophikira wopanda cogwirira, wopakidwa utoto wobiriwira ngati thambo. Mabowo ake anatsekedwa ndi kansalu ka waya kuti tizilombo tisalowe. Azungu anaicha Saucepan Special. Mtengo wake unali mapaundi 5, ndipo batire lake, lalikulu ngati njerwa, linali la paundi imodzi ndi masheleni 5. Wailesi inali kukhala pamwamba pa batirelo.

Mapaundi 5 sizinali ndalama zocepa. Komabe aphunzitsi, akalaliki ndi anchito a m'migodi anaigula ambirimbiri. Pa wailesi imodzi panali kusonkhana mudzi wonse. Anali kumvera nkhani, moni wocokera kwa abale a kumigodi, ndi nyimbo za oimba onga Alick Nkhata, amene analinso muulutsi pa siteshoniyo.

Mafunde sadziwa malire. Msilikali wa pa cipata angaimitse munthu ndi njinga yake, koma mau amadutsa pamutu pake. Anthu a kuno amene anapita kukathyola tiyi ku Mulanje ndi ku Thyolo, kapena kukagwira nchito ku Salisbury ndi ku Joni, anazolowera wailesi kumeneko. Wobwera kumudzi ndi njinga, bulangete ndi wailesi anali munthu wolemekezeka. M'caka ca 1964 Malawi atalandira ufulu, kunayamba wailesi ya MBC ku Blantyre. Kwa munthu wa ku Mandimba, amene Chiponde ali pakhomo pake, imeneyi inali kumveka ngati ya m'mudzi momwemo. Mu 1968 a ku Malawi anasintha dzina la cinenero nacicha Cicewa, koma ife tinali kumva zonse, ndi mauthenga a maliro omwe.

Nkhondo ya mau

Apwitikizi anaona kuti anthu akuda akuchera khutu kunja. M'caka ca 1958 Rádio Clube inayamba kanthawi kochedwa Hora Nativa, m'Cironga ca kumwera. Mu 1962 boma la atsamunda linayambitsa Voz de Moçambique, youlutsa m'zinenero za anthu akuda, ndipo m'kupita kwa nthawi Cinyanja, Ciyao ndi Cimakhuwa zinalowamo. Nyimbo zake zinali zokoma, pakuti zinali zathu. Koma pakati pa nyimbozo panali uthenga wakuti Moçambique ndi Portugal n'dziko limodzi, ndi kuti omenyera ufulu ndi zigawenga. Taonani: cinenero cathu cinakanizidwa zaka zambiri, ndipo cinaloledwa pamene boma linacita mantha.

Nkhondo ya ufulu inayamba pa 25 Seputembala 1964, ndipo Niassa inali imodzi mwa zigawo zoyamba kulawa moto. Msonkhano waukulu waciwiri wa FRELIMO unacitikira m'cigawo cathu comwe cino, ku Matchedje, mu Julaye 1968. FRELIMO inali ndi mau akeake pamlengalenga, A Voz da FRELIMO, oulutsidwa pa wailesi ya Tanzania ku Dar es Salaam, ndipo pambuyo pake pa wailesi ya Zambia ku Lusaka. Apa ndi pamene mafunde aafupi aja anagwira nchito imene eni ake oyamba sanailote.

Kumvera mau amenewo kunali kuika moyo paciswe. Apolisi acinsinsi a PIDE anali ndi makutu paliponse, makamaka m'midzi ya mpanda imene atsamunda anaunjikamo anthu, yochedwa aldeamento. Munthu anali kutseka citseko, nacepetsa mau, naika khutu pa wailesi penipeni, nthawi zina atafunda bulangete. Akatha kumvera anali kubweza muvi wa wailesi pa siteshoni ya boma, kuti wolowa m'mawa asaone pamene unaima. Zimene wamva anali kunong'oneza mnzake wokhulupirika kumunda kapena kudambo.

Kuti wailesi ndi cida, zinaoneka poyera mu 1974. Pa 7 Seputembala, tsiku limene FRELIMO ndi boma la Portugal anasainirana pangano ku Lusaka, atsamunda ena okana ufulu sanathamangire ku nyumba ya bwanamkubwa. Anathamangira ku nyumba yosanja ija ya Rádio Clube, nailanda, nayamba kuitana anzao kuti aukire. Anakhalamo kufikira pa 10 Seputembala. Anthu ambiri anafa mumzindamo masiku amenewo. Ndipo kutha kwa cipolowe kunalengezedwa pa wailesi yomweyo, ndi mau acizindikiro ochula tambala ndi kunena kuti kwaca.

Usiku wa pa 25 Juni 1975 Samora Machel analengeza ufulu pa bwalo la Machava. Ocepa anamuona ndi maso. Ambiri, kucokera ku Rovuma kufikira ku Maputo, anamumva pa wailesi. Pa 2 Okutobala caka comweco boma latsopano linatenga Rádio Clube, Voz de Moçambique ndi masiteshoni awiri a ku Beira, niliwaphatikiza kukhala Rádio Moçambique. Nthambi yake ya ku Lichinga imalankhula Ciyao, Cinyanja, Cimakhuwa ndi Cipwitikizi.

Xirico

Amene muli ndi imvi mukuidziwa. Xirico ndi dzina la kambalame koimba bwino, ndipo ndilo linapatsidwa kwa wailesi imene inali kulumikizidwa ku Maputo ndi zipangizo zocokera ku East Germany. Boma linafuna kuti wailesi ifike kumidzi pa mtengo wocepa, cifukwa anthu ambiri sanali kudziwa kuwerenga. Nyuzipepala imafuna maso ophunzira, wailesi imafuna khutu cabe. Pamene nchito yaikulu yophunzitsa akulu kuwerenga inayamba mu 1978, wailesi ndiyo inali kuitana anthu ku makalasi onga lathu lino.

Zaka za m'ma 1980 zinali zowawa. M'masitolo munalibe mcere, munalibe sopo, munalibenso mabatire, amene ena timati mapilya. Anthu anali kuyanika mabatire akutha padzuwa kuti alankhuleko pang'ono madzulo. Ena anali kumanga mabatire akale ambiri m'kabokosi kansungwi, nalumikiza ndi waya. Wailesi inali kutsegulidwa pa nthawi ya nkhani yokha, nitsekedwa msanga. Mwana woigwira popanda cilolezo anali kulawa mkwapulo.

Nkhondo ya pakati pa boma ndi RENAMO itafika kuno, njanji ndi miseu zinatsekeka, midzi inapsa, ndipo anthu pafupifupi miliyoni imodzi a dziko lino anathawira ku Malawi. Pothawa usiku munthu amasankha conyamula. Ambiri ananyamula mwana, poto ndi wailesi. Ena anaikulunga m'pulasitiki naikwirira pansi pa mtengo, poganiza kuti abwera mawa. Pa wailesi zimenezi anthu anamva za imfa ya Samora Machel, amene ndege yake inagwa ku Mbuzini pa 19 Okutobala 1986. Pa wailesi zomwezo, kaya kumudzi, kaya kumsasa wa othawa nkhondo, anamva kuti Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama asainirana mtendere ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Funsani aliyense wamkulu kumene anali tsiku limenelo. Adzakuuzani malo ake, ndi mwini wailesi amene anamverapo.

Lamulo la zofalitsa nkhani la 1991 linalola kuti pakhale mawailesi ena osakhala a boma. M'zaka zoyamba za m'ma 2000 kunatsegulidwa wailesi ya anthu a m'dera ku Cuamba, ndi cithandizo ca UNESCO. Ku Mandimba ndi ku Ngauma nakonso kunabwera mawailesi a m'dera. Ambiri olankhulapo anali anyamata ndi atsikana odzipereka, osalandira malipiro. Tinganene kuti anali adzukulu a anthu okonda wailesi aja a 1933. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano wolankhula anali mwana wa m'mudzi, wolengeza za mbuzi yosowa ndi mtengo wa fodya m'cinenero ca amai ake.

Nyumba zosungiramo zakale

Lero ambiri amamvera wailesi pa foni ya m'manja. Xirico ndi anzake akutha mmodzimmodzi, ndipo eni ake nawonso akutha. Kodi mdzukulu wobadwa lero adzakhulupirira kuti mudzi wonse unali kukhala pansi kuzungulira kabokosi kamodzi? Adzakhulupirira akadzakaona ndi kukagwira.

Nyumba yosungiramo zinthu zakale kuti anthu azidzaona imachedwa museu pa Cipwitikizi. Ku Nampula, kumene a ku Cuamba amafika pa sitima, kuli ina imene inatsegulidwa mu 1956, yosunga zida, zosema ndi zobvala za makolo. Ku Mangochi, mukadutsa Chiponde ndi Namwera, kuli ina yonena za nyanja ndi anthu ake, imene inatsegulidwa mu 1971. Iyo sinamangiridwe nyumba yatsopano ai. Anaiika m'nyumba yakale imene azungu anali kucezeramo.

Nkhani yotiphunzitsa kwambiri ndi ya ku Blantyre. M'caka ca 1946 anthu okonda mbiri anapanga bungwe lochedwa Nyasaland Society. Anayamba kusonkhanitsa zinthu zakale ndi kuumiriza boma kuti pakhale posungira. Lamulo lake linatuluka mu 1957. Mu 1960 zinthuzo zinaikidwa m'nyumba yobwereka, Mandala House. Malo atacepa, panafunika ndalama zomangira nyumba yakeyake. Bungwe lothandiza lochedwa Beit Trust ndi boma anaika ndalama pamodzi, mapaundi 21,000, ndipo nyumba inamangidwa pa Chichiri. Inatsegulidwa pa 29 Juni 1966.

Werengani zaka: kucokera 1946 kufika 1966 ndi zaka 20. Onaninso mndandanda wa nchito. Sanayambe ndi njerwa. Anayamba ndi zinthu, kenaka cipinda cobwereka, ndipo potsiriza nyumba. Opereka ndalama zambiri anabwera ataona kuti zinthu zilipo kale ndi kuti anthu akubwera kudzaziona. Palibe amene amathandiza kukuza nkhokwe yopanda cimanga.

Pabwalo la ku Chichiri anaikapo mitu ya sitima zakale ndi makina ena. Ndachula zimenezi cifukwa ena amaganiza kuti cakale coyenera kusungidwa ndi uta, ng'oma ndi mbiya zokha, ndi kuti wailesi n'cinthu ca azungu. Khasu la m'sitolo nalonso linapangidwa kufakitale, koma likalima munda wa atate anu zaka 20 limakhala la pabanja panu. Wailesi imene inamvedwa pansi pa bulangete mu 1970, kapena imene inaoloka malire pamutu pa mai wothawa nkhondo, ndi yathu koposa ya amene anaipanga. Dziko lathu lili ndi lamulo la 1988 loteteza cuma ca cikhalidwe, ndi bungwe la ARPAC lofufuza ndi kusunga mbiri ya anthu. Koma a boma sangadziwe cimene cili pansi pa bedi lanu.

Kusonkha kwake

Wina m'kalasi muno anena kuti: "Mjigo wathu unaonongeka, cipatala cili kutali, ndipo inu mukuti tisonkhere mawailesi akufa?" Funso limeneli n'loona, ndipo sindilinyoza. Mudzi wopanda madzi uyambe wakonza mjigo. N'cifukwa cake ndikuti tisayambe ndi kumanga. Msonkhamsonkha woyamba si wa ndalama ai, ndi wa zinthu ndi mau.

Zinthu zake ndi izi: wailesi za mitundu yonse, ngakhale zosweka; mabokosi a mabatire opanga tokha; makaseti; makalata amene anthu anali kulembera ku siteshoni popereka moni; ziphaso za msonkho wa wailesi. Ngati ku mishoni yakale, monga ya Massangulo imene ansembe a Consolata anaiyamba mu 1928, kapena ku siteshoni ya njanji ya Cuamba, kungapezeke makina akale olankhulirana ndi akutali, amenewo ndi amtengo wapatali. Anthu okonda wailesi aja akalankhulana anali kutumizirana makadi pa positi, olembedwa dzina la siteshoni, tsiku ndi ora, monga umboni. Khadi lolembedwa CR7 likapezeka m'sutukesi ya munthu amene anagwira nchito kwa mzungu, lisakolezere moto.

Musanasunge wailesi, cotsanimo mabatire, pakuti akaola amatulutsa madzi odya citsulo. Ipukuteni ndi kansalu kouma. Musaitsuke, musaipake utoto, ndipo musacotse cingwe ca mphira kapena kawaya kamene mwini wake anamangira, cifukwa zimenezo ndizo zikuonetsa moyo wake. Ikhale pouma, patali ndi ciswe.

Malo oyamba angakhale kabati imodzi m'cipinda ca sukulu, kapena pakona m'nyumba ya wailesi ya m'dera, mutapempha eni ake. Apa tsono ndi pamene ndalama zilowa: matabwa, galasi, loko, kope ndi zolembera. Zimenezi sizifuna bwana wa kunja. Nthawi yokolola banja lililonse lingapereke mbale ya cimanga, ya nyemba kapena ya soya, zogulitsidwa pamodzi. Alimi a fodya ndi thonje angaponyepo kangacepe tsiku la malipiro. Kalipentala angapereke manja ake m'malo mwa ndalama. Anyamata angakonze mpira, amai angakonze gule, olowa napereka pakhomo. Kabati ikadzadza, mudzafuna cipinda. Cipinda cikadzadza, mudzakhala ndi coonetsa kwa a boma la distrito ndi kwa mabungwe popempha malata ndi simenti.

Tonse tikudziwa cimene cimapha msonkhamsonkha. Ndalama zimalowa m'thumba la munthu mmodzi, palibe colembedwa, ndipo pakatha miyezi itatu anthu sapatsananso moni. Tsono pasankhidwe anthu atatu osakhala a banja limodzi: wapampando, mlembi ndi msungicuma. Copereka ciliconse, ngakhale ca meticais 5, cilembedwe m'kope pamaso pa wopereka, ndi dzina lake ndi tsiku. Pa msonkhano uliwonse kope liwerengedwe mokweza. Inu amene mwaphunzira malemba ndi manambala m'kalasi lino, palibenso amene angakuuzeni kuti "zalembedwa" inu osaona. Mudzatenga kope m'manja, mudzapeza dzina lanu, mudzawerenga nokha.

Palinso nkhani ya umwini. Agogo ena sadzafuna kupereka wailesi ya malemu amuna ao, ndipo asakakamizidwe. Angaibwereke kwa caka cimodzi, mlembi nalemba kuti ndi yobwereka, ndipo tsiku limene adzaifuna adzaitenga. Ena adzalola kuti mungolemba nkhani yake. Landirani zimenezo ndi manja awiri.

Nchito yaikulu koposa ndi ya kapepala koika pambali pa wailesi iliyonse. Wailesi yopanda kapepala ndi cidutswa ca pulasitiki ndi mawaya. Pitani awiriawiri kwa mwini wake, mukhale pansi, mupereke moni, ndipo mufunse mwaulemu: "Agogo, wailesi imeneyi munaigula kuti? Caka canji? Ndalama zake munazipeza bwanji? Ndani anali kubwera kudzamvera? Ndi nkhani iti imene munamvapo imene simuiiwala?" Musawadule pakamwa. Akasokoneza caka, athandizeni ndi zocitika: kodi ufulu unali utabwera? Kodi ndalama inali escudo kapena metical? Metical inayamba pa 16 Juni 1980, tsono yankho lao lidzakuuzani mbali imene caka cili.

Mukabwerera, lembani mwacidule ndi malemba akuluakulu, m'Cinyanja, ndipo wodziwa Ciyao, Cimakhuwa kapena Cipwitikizi alembe m'munsi mwake. Kapepalako kangaoneke motere:

WAILESI YA XIRICO. INAGULIDWA KU CUAMBA MU 1982 NDI NDALAMA ZA THONJE. INAPITA KU MALAWI MU 1987. INABWERA MU 1993. MABANJA 6 ANALI KUMVERAPO.

Pansi pake mulembe dzina la mwini wailesi, ngati iye walola, ndi dzina la mudzi wake. Pansi penipeni, ndi malemba aang'ono, mulembe maina a inu awiri amene munapita kukafunsa, ndi tsiku limene munafunsa.